Njinga ya pa Khomo la Aphunzitsi Pei

Chaka chimene njinga zobwereka zinadzaza mzinda wa Nanjing, Gao Shunli anali atatha zaka zisanu ali mlonda pa geti lalikulu la mpanda wa Liuyin. M'mpandamo munali nyumba zosanja zisanu ndi zitatu, ndipo iye ankadziwa nkhope ya aliyense wokhalamo, ngakhale kuti eni nkhopezo sankadziwa dzina lake lonse. Ankangoti "a Gao", achinyamata n'kumati "Madala". Kwawo kunali ku Henan, kumudzi kolima tirigu, koma mkazi wake atamwalira munda anausiyira mng'ono wake. Kuseri kwa kanyumba ka pa geti kunali kachipinda kokwana bedi, ketulo ndi Baibulo long'ambika chikuto. Ntchito ikanati ithe, kachipindako kakanathera pomwepo.

Njingazo zinabwera ngati dzombe, zachikasu ndi zabuluu. Munthu ankaloza foni pa kachizindikiro ka pa handulo, loko wa tayala lakumbuyo n'kutseguka yekha. Akafika kumene akupita ankatseka lokoyo ndi chala, njinga n'kuisiya pomwepo. Anthu a m'mpanda anayamba kumalowa nazo, kuzisiya pa kapinga ndi m'tinjira, ena kuzibisa kunsi kwa masitepe kuti m'mawa azipeze anzawo asanazitole.

Tsiku lina Mayi Shen a m'nyumba yakumapeto, amene maso awo anafa akadali mtsikana, anapunthwa pa njinga imene inagwa mopingasa pakhomo, n'kuthyoka dzanja. Gao ndiye anawadzutsa. Kuyambira pamenepo amuna awo, Bambo Dou, amene anapuma ntchito ya njanji ndipo anali m'komiti ya eni nyumba, ankayenda foni ili m'manja. Njinga iliyonse yopezeka m'kati ankaijambula n'kutumiza ku gulu la pa foni la anthu onse a m'mpandamo, mawu ake omwewomwewo: "Kodi pa geti pali mlonda kapena chidole?"

Bwana Tian, woyang'anira mpandawo, anabwera ku kanyumba ka Gao atanyamula foni ngati kalata ya kukhoti.

"A Gao, ndimvereni bwino. Malo ano ndi a eni nyumba, si msewu wa boma. Njinga yobwereka isadutse pa geti ili. Inu ndi bambo anga pa msinkhu, koma ndikaonanso chithunzi china, mulongedze."

"Ndamva, bwana."

Gao sanaone cholakwika m'lamulolo. Kulira kwa Mayi Shen kunali kusanachoke m'makutu mwake. Choncho ankabweza aliyense: "Imikani panja, achimwene, pa mzere woyera paja." Zozembera ankazikoka yekha, atanyamula tayala lokiyidwa lija m'mwamba, ndipo zinkalemera ngati thumba la tirigu lonyowa. Patatha milungu iwiri m'mpandamo munayera.

Inatsala imodzi. Madzulo aliwonse inkapezeka itatsamira khoma la nyumba yakumapeto, ndipo Gao ankadziwa mwini ulendo wake. Anali Aphunzitsi Pei, amene anaphunzitsa ana a pulayimale kwa zaka makumi atatu, ndipo tsopano chiuno chinali chitawagwira. Poyenda pansi ankakwekwereza mwendo wakumanzere, koma akakwera njinga ankauluka ngati mtsikana. Tsiku lililonse ankapita kunyumba yosungirako okalamba kukadyetsa achemwali awo, amene anali ataiwala mayina a anthu onse ndipo sankalandira sipuni kwa wina aliyense. Pobwera ankadutsa pa geti ali panjinga, akugwedeza mutu popereka moni, Gao n'kuyang'ana kumbali ngati akufuna chinachake m'thumba. Kenako ankapita kukaikankhira njingayo kuseri kwa maluwa, kumene phazi la Mayi Shen silikanafika.

Koma diso la Bambo Dou linafika. Chithunzi chinalowa m'gulu, ndipo Bwana Tian anangoimba foni: "Aka n'komaliza."

Mawa lake madzulo Aphunzitsi Pei anatulukira, kontena ya chakudya ikugubuduka m'basiketi. Gao anaima pakati pa geti.

"Aphunzitsi, pepani. Lero muimike panja."

Mayiwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, monga ankayang'anira ana osalemba ntchito ya kunyumba. "Akukalipirani chifukwa cha ine?"

"Ayi, ndi lamulo chabe."

"Bodza simulitha, a Gao. Mukanakhala m'kalasi mwanga bwenzi mutagwada."

Anatsika, anaikankhira pa mzere woyera, natseka loko. Kenako anayamba ulendo wa kunyumba yakumapeto. Gao anawayang'ana ali pa geti. Anapuma pa benchi loyamba. Anapumanso pa mtengo wa pafupi ndi malo osewerera ana, atagwira thunthu lake ndi manja onse awiri. Pamene ankafika pakhomo pawo, tiyi wa m'botolo la Gao anali atazizira. M'mawa mwake Aphunzitsi sanatuluke. Tsiku lotsatira sanatulukenso.

Gao sankapemphera mokweza, ndipo anthu a m'mpandamo sankadziwa n'komwe kuti amapemphera. Ankangochita monong'ona akusesa pa geti m'mawa. Tsiku limenelo anati, "Ambuye, wina ndi wosaona, wina ndi wosayenda, ndipo onse ndi anu. Ine mwandiika pakati ndi tsache. Nditani?" Sanamve yankho. Anangoona njinga zili ndandanda panja pa geti, ndi manja ake awiri.

Anatulutsa foni imene mwana wake wamkazi anamuikiramo zotsegulira njinga, zimene iye anali asanazigwiritsepo ntchito. Anatsegula imodzi, naikankha mpaka kunyumba yakumapeto, nagogoda pawindo.

"Aphunzitsi, hatchi yafika."

Anatuluka maso ali ofiira. "Mwapenga, a Gao? Akuchotsani ntchito."

"Siigona muno. Kwerani, ine ndibwera pambuyo. Madzulo mukafika pa geti musatsike, ndikutsatani. Mukafika pakhomo pano musakiye, ndizibwerera nayo ndine, ndikaikiye panja."

"Ndisakiye? Mukudziwa kuti ndikapanda kukiya imakhala ili m'dzina langa? Mukathawa nayo ku Henan, apolisi adzagwira ine."

"Ndikathawa nayo ndidzakutumizirani ufa wa tirigu."

Anaseka mpaka kugwira chiuno chowawa chija, nakwera.

Zinayenda choncho masiku asanu ndi anayi. M'mawa Gao ankakankha njinga kulowa, madzulo ankakankha kutuluka, ndipo palibe njinga imene inaima m'mpandamo ngakhale mphindi imodzi. Koma kawiri patsiku geti linkatsala lopanda munthu. Iye ankadziwa zimenezo. Ankayenda mofulumira, akutembenuka kuyang'ana kumbuyo. Tsiku lina anapeza mabanzi awiri otentha, okulungidwa m'kansalu, ali m'basiketi ya njinga imene ankabweza. Anadziwa kuti anali ochokera kwa Aphunzitsi.

Tsiku lakhumi, akubwerera nayo njingayo, anakumana ndi Bambo Dou pa kanjira ka pakati pa maluwa. Anali atagwira mkazi wawo pamkono, dzanja lina litakweza foni.

"Eee! Bwerani mudzaone! Takhala tikufunafuna khoswe, kani ndi mphaka yemwe akuboola thumba!" Foni inalira kuti khetche. "Geti lili pululu, mlonda akuweta njinga. Madala, mukuti dzanja la mkazi wanga linathyoka ndi mphepo?"

"Ayi, bambo. Ndinalipo."

"Ndiye?"

Gao anayang'ana pansi. Mawu anali nawo, koma ankaona kuti akatchula dzina la Aphunzitsi, mawa lidzakhala m'mafoni a anthu mazana atatu.

"Ndi ya Aphunzitsi Pei, eti?" anafunsa Mayi Shen, nkhope italoza pambali pang'ono pa pamene Gao anaima. "Ndimawamva akamadutsa pawindo pathu. Phazi limodzi limaponda, linalo limasesa. Masiku ano sindikulimva."

"Ikhale ya nduna, ikhale ya ndani, lamulo ndi lamulo," anatero Bambo Dou. "Tiye, mayi." Anatumiza chithunzicho asanafike n'komwe pakona.

Komiti inati ikumana Lachisanu. Masiku awiri otsalawo Gao anapitirizabe kukankha njinga, poti mlandu unali utapalamulidwa kale ndipo achemwali a Aphunzitsi sakanadya lamulo. Lachinayi anachapa malaya ake onse atatu, nawapinda m'chikwama, Baibulo pamwamba. Anaganiza za nyumba ya mng'ono wake, mmene munalibe chipinda chapadera, ndi za mwana wake amene ankagona chipinda chimodzi ndi anzake atatu a kufakitale. Popemphera sanapemphe kuti apulumuke. Anangoti, "Ngati ndalakwa, ndalakwa ndine. Koma amene abwere pa geti pano mum'patse maso."

Lachisanu masana Bwana Tian anabwera akupukuta thukuta m'khosi.

"Ine ndimati muzipita, a Gao, sindikubisirani. Koma a Dou akuti kukuchotsani n'kukuchitirani chifundo. Akuti mupite ku geti la zinyalala, mukanunkhidwe mpaka nzeru zibwerere. Alimbikira mpaka onse avomera. Kachipinda kaja muzigonabe, koma pa geti lalikulu pabwera wina." Anam'patsa kiyi wadzimbiri. "Akutinso lizikhala lotsegula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kuti mukhale ndi cholondera."

Geti la zinyalala linali kachitseko kachitsulo kuseri kwa mpanda, kamene kwa zaka zambiri kankatsegulidwa kamodzi patsiku, ngolo yotola zinyalala ikafika. Panalibe kanyumba. Panali mpando wapulasitiki, ambulera yothyoka nthiti imodzi, ndi migolo isanu ndi umodzi yobiriwira imene ntchentche zinkachitirapo msonkhano. Gao anathokoza Mulungu chifukwa cha kachipinda, koma m'mtima munali kuwawa. Zaka zisanu za kupereka moni kwa anthu, malipiro ake n'kukhala ndi migolo! Ndipo Aphunzitsi atani tsopano?

Loweruka m'mawa anatsegula kachitsekoko, kakulira ngati mwana wa mbuzi. Panja panali kamsewu kopapatiza, ndipo tsidya lake, kutsogolo kwa sitolo ya zipatso, panali mzere woyera. Njinga zisanu zinaima pamenepo, mame ali pa zishalo. Gao anaziyang'ana kanthawi. Kenako anatembenuka. Khomo la nyumba yakumapeto linali pomwepo, moyang'anizana naye.

Pakhomopo panatuluka Bambo Dou ndi Mayi Shen. Mayiwo anakumbatira kamphika ka maluwa oyera ndi dzanja lawo labwino, milomo ikuwerenga phazi lililonse limene ankaponda. Anaima pafupi ndi mpando wa Gao.

"Mapazi makumi atatu ndi awiri," anatero. "Ndinakuuza, bambo iwe, ukumati makumi asanu."

"Miyendo yako ndi yaifupi, n'chifukwa chake ndimati achuluka."

"Kuchokera pakhomo pathu kukafika ku geti lalikulu ndi mapazi mazana anayi ndi khumi," anatero Mayi Shen kwa Gao. "Ine mpanda wonsewu ndimaudziwa ndi mapazi. Usiku wa tsiku lija ndinam'funsa mwamuna wangayu kuti, kodi kachitseko kakuseri kaja kanalakwanji? Iye akuti kalibe mlonda. Ndinati, nanga mlonda si uja wam'jambula?" Anatambasula dzanja lonyamula kamphika kaja. "Landirani. Amanunkhira madzulo. Migolo siigonja, koma amayesetsa."

Gao analandira ndi manja awiri.

"Musandiyang'ane choncho, Madala," anatero Bambo Dou. "Munasiya geti lopanda munthu, ndipo zimenezo sindinakukhululukireni. Njinga ikangolowetsa tayala limodzi pa kachitseko aka, ndijambula."

"Jambulani, bambo."

"Ndijambuladi."

Anatuluka kukagula mapichesi tsidya la kamsewu, akukanganabe za mapazi.

Patapita kanthawi Aphunzitsi Pei anatuluka ndi kontena yawo, nayang'ana kunjira ya ku geti lalikulu monga munthu woyang'ana phiri. Gao anaimirira, nakweza dzanja. Anamuona, anaona kachitseko kotsegula, anaonanso njinga zija kuseri kwake. Anabwera pang'onopang'ono, phazi lina likuponda, lina likusesa, osapuma ngakhale kamodzi.

"Akutayani kuno chifukwa cha ine," anatero atafika.

"Kuno kuli mthunzi, Aphunzitsi."

"Bodza simulithabe." Anakwinya mphuno poyang'ana migolo ija. "Mawa ndikubweretserani mankhwala a ntchentche."

Anaoloka kamsewu, natsegula njinga yabuluu ndi foni yawo, napita.

Dzuwa litakwera fungo linakula, ndipo ambulera yothyoka ija inkangophimba phewa limodzi. Anthu odzataya zinyalala ena ankapereka moni, ena ayi. Gao anathirira maluwa aja ndi madzi otsala m'botolo lake, nawaika pamwamba pa khoma kumene mphepo inkachokera. Madzulo Aphunzitsi anabwera, anaimika njinga pa mzere woyera tsidya la kamsewu, natseka loko okha ndi chala chawo. Podutsa pa kachitseko anamuuza kuti achemwali awo adya phala lonse ndi theka la dzira.

Gao anawaperekeza ndi maso mpaka pakhomo, akuwerenga chamumtima. Anapeza mapazi makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, poti mwendo wodwala uja unkaponda pafupi. Anati, "Zikomo, Ambuye," natenga tsache kukasesa makoko a mavwende amene wina anataya pambali pa mgolo.