Timapereka Anthu

Foni itangoyamba kulira, a Biswick anali atavala kale chikhoti, dzanja lili pachitseko. Woimba anali Tasha, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene amakhala ku Amereka ndipo amaimba Lamulungu lililonse.

"Mumuuze ndapita kokagula mkaka."

"Mkaka wadzaza mufiriji, bambo a Tasha," anatero akazi awo, mayi Dyna. "Tikusamba mkaka kodi m'nyumba muno?"

Chitseko chinatsekeka. Mayi Dyna anayankha foniyo, koma mabodza omunamiza mwana anali atawathera.

Nkhaniyi inayamba mwezi watha. Tasha, amene anakwatiwa kumeneko n'kukhala nzika, anasankhidwa mwamaere kukhala pa grand jury. Ku England kuno zimenezi anasiya kalekale, choncho anachita kuwafotokozera. Ndi gulu la anthu wamba lomwe limamva umboni wa boma m'chipinda chotseka, n'kugamula ngati ndi wokwanira kuti munthu akazengedwe mlandu kukhoti. Tsoka lake, Tasha anafuna kusangalatsa bambo ake pofotokoza m'Chichewa. Mwana wobadwira ku Tottenham, Chichewa chake n'chongotola. Amamva zonse, koma akati ayankhule amangolumikiza. Anati: "Adadi, timakhala mwachinsinsi, timapereka anthu kwa boma."

Mawu amenewo kuwauza a Biswick! Iwo anaperekedwapo, nthawi ya chipani chimodzi, ali mphunzitsi kumudzi. Wina anatchula dzina lawo m'chipinda chimene sanachionepo, ndipo iwo anakhala kundende zaka osaona khomo la khoti. Atatuluka anathawa dziko. Tsiku limene Tasha ananena mawuwo, a Biswick anangoika foni patebulo, ndipo kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse kumasowa mkaka.

Lero Tasha sanafunse n'komwe za bambo ake. Ankalira. Anati watopa kupatsidwa moni ndi khoma, mawa akapempha jaji kuti amuchotse pagululo, ndipo zikapanda kuthandiza asiya kuimba, asamavutitse anthu. Mayi Dyna anachita mantha. Mwanayu anatengera bambo ake, akati wasiya ndiye kuti wasiyadi.

"Usadule," anatero. Anavala nsapato zosiyana, osazindikira, n'kutsika masitepe foni ili m'manja.

Mumsewu waukulu munali piringupiringu, anthu a matchalitchi osiyanasiyana ataweruka nthawi imodzi. Anasuzumira mushopu ya chinangwa ndi nsomba zouma, mulibe. Kometera tsitsi, kulibe. Mayi wina wa ku Zambia wa kutchalitchi kwawo anawaimitsa kuti awafotokozere za bondo lake, iwo anangomugwira paphewa n'kudutsa. Anakawapeza pa siteji ya basi pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Seven Sisters, atakhala pa kabenchi kofiira, mabasi akubwera n'kumapita iwo osakwera.

"Mkakawo uli kuti?"

Mayi Dyna anaima patsogolo pawo, akupuma mwabefu, nawakhuthulira zonse. Anati munthu wamkulu, wophunzitsa ana moyo wake wonse, angataye mwana chifukwa cha liwu limodzi lolakwika? Mwanayo ankatanthauza kutumiza mlandu kukhoti basi. Chichewacho anamuphunzitsa ndani, si iwo omwe, amene ankamulankhula Chizungu kuti akhoze kusukulu?

"Mukundiyesa chitsiru, amake Tasha? Zimene ankatanthauza ndinazimva. Ndinakawerenganso ku laibulale." Anawerengetsa ndi zala. "Chitseko n'chotseka. Jaji mulibe. Woimbidwa mlandu mulibe, loya wake mulibe. Amayankhula ndi aboma okha. Tandiuzani, chikusiyana pati ndi chipinda chimene anandigulitsira ine?"

Mwezi wonse mayi Dyna ankaganiza kuti amuna awo akungochita makani a ukalamba, osadziwa kuti munthu akuopa. Chisoni chinawagwira, komanso mkwiyo sunathe. Anatsegula sipika ya foni n'kuiika pabenchi pakati pawo.

"Muuzeni mwini wake. Wamva zonse."

Basi ina inaima, n'kupita. Kenako mawu a Tasha anamveka, ang'ono, m'Chizungu. Anati za milandu sangathe kunena, analumbira. Koma gululo si la boma. Muli woyendetsa basi, muli namwino, muli gogo wina amene amabwera ndi zoluka. Analiika dala kuti boma lisamangotola munthu mmene lafunira. Ali ndi ufulu wofunsa mboni mafunso, ndipo akaona kuti umboni ndi wopanda mutu angathe kukana, mlandu osapitirira.

A Biswick anayankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, monga ankachitira mwanayo ali wamng'ono.

"Mumaloledwa kufunsa?"

"Inde, adadi."

"Iwe wafunsapo?"

Tasha anavomera kuti sanafunsepo. Amachita manyazi. Loya wa boma amayankhula mothamanga, anzake amayang'ana wotchi kuti akadye, ndipo povota manja akakwera iye amangokweza lake.

Mayi Dyna anatseka maso. Mumtima anati basi, zatha, bamboyu adzuka apa azipita. Koma a Biswick anatola foni ija ndi manja awiri n'kuiyandikitsa kukamwa, ngati kuti ku Amereka n'kutali moti sipika singafikeko.

"Kwa jaji usapiteko. Ukachoka iwe alowetsa wina wanjala ya nkhomaliro. M'chipinda chimene anatchula dzina langa munali anthu, Tasha, ena ondidziwa, ena ndinawaphunzitsira ana. Panalibe mmodzi amene anati, mwaona ndi maso anu kodi? Mawa ufunse. Ngakhale mawu akunjenjemera, ufunse."

"Ndifunsa, adadi."

"Lamulungu udzandiuze. Za mlandu usandiuze, ungondiuza kuti wafunsa."

Basi yakwawo inafika n'kutsegula zitseko. Mayi Dyna anaisiya ipite, nakhala pansi pambali pa amuna awo. M'pamene anaona kuti nsapato ina ndi yakuda, ina yofiirira.