Chifuwa cha M'chigafa

Chifuwa cha a Moffat chinayamba pamene ntchito yosankha fodya inali pachimake, m'mwezi wa Meyi. Iwo ndi akazi awo, a Sellah, anali matenanti pa esiteti ina ku Chulu. M'mamawa uliwonse ankalowa m'chigafa fodya akadali wofewa, n'kutchinga mbali zonse ndi mapepala apulasitiki kuti mphepo isamuumitse. Pakati pawo pankakhala a Zakeyo, bambo a a Moffat, nkhalamba yodwala shuga koma ya maso akuthwa posiyanitsa masamba.

"Bambo a Tawonga, thupi lanuli latentha ngati mbaula," anatero a Sellah kwa amuna awo m'mawa wina. "Bwanji mukayezetse?"

"Ndi fumbi la fodya ili. Ndi chaka chiti chomwe sitinatsokomole m'chigafa?"

"Chifuwa cha fumbi sichiphwanya m'thupi. Nanga ikakhala korona?"

A Moffat anaseka mpaka kutsamwa. "Korona ndinadwala kale ine, katemera ndinabaya. Ikandiona imalambalala."

A Sellah anangoyang'ana apongozi awo, amene anakhala phewa ndi phewa ndi mwana wawo, akupuma mpweya umodzi m'chigafa chotsekacho.

Masana, a Modester, mlangizi wa zaumoyo, anadutsa pa njinga akuchokera ku sikelo ya ana. A Sellah anawaimika, ndipo onse anakhala panja pafupi ndi mulu wa chimanga chongokolola kumene.

"Adokotala, auzeni mayiwa," anayamba a Moffat. "Munthu angadwale korona kawiri?"

A Modester anatola chimanga chimodzi pamulupo n'kuchisenda. Pakati pa maso oyera panali maso achikasu apo ndi apo.

"Munadzala mbewu yanji, bambo?"

"Yoyera, ya sabuside ija."

"Nanga achikasuwa achokera kuti?"

A Zakeyo ndiwo anayankha. "Kwa a Nelson uko. Munda wawo unagundana ndi wathu, ndipo iwo anadzala chachikasu. Mphepo ndiyo inabweretsa mungu wa ngayaye zawo."

"Mwalasa, agogo. Kachilombo ka korona sikayenda ndi mungu ayi, koma nakonso kamasakanikirana. Kali ndi mitundu yambiri. Nthawi zina mitundu iwiri imalowa mwa munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Pamene tizilomboto tikuchulukana m'thupi, kena kamatenga chidutswa kwa aka, chidutswa kwa ako. Kotulukapo kamakhala ka mtundu watsopano, ndipo munthu uja akatsokomola amapatsira anzake katsopanoko."

"Ndiye asilikali a m'thupi mwangamu ntchito yawo n'chiyani?" anafunsa a Moffat. "Akungodya zaulere?"

"Asilikali anu anaiona nkhope ya kachilombo kakale, ndipo amaikumbukira. Koma katsopanoka kamabwera nkhope itasinthako. Pamene iwo akuti akazindikire, iko kalowa kale m'nyumba. N'chifukwa chake munthu amene anadwalapo, ngakhale amene anabaya katemera, akhoza kudwalanso."

"Basi katemerayo tinangovutika naye."

"Ayi, bambo. Katemera amathandiza kuti asilikali adzuke msanga, matenda asafike pokugonekani m'chipatala. Inu mwina mungotsokomola sabata imodzi. Koma agogowa, ndi shuga wawoyu, nkhani ikhoza kukhala ina."

A Moffat anayang'ana bambo awo, kenako anayang'ana chigafa. "Nanga fodyayu? Bwana akufuna mabelo mwezi usanathe. Ndikagona ine, asankha ndani?"

"Asankha ndine," anatero a Zakeyo. "Iwe umasakaniza masamba ofiira ndi owala ngakhale uli bwinobwino. Ukachoka, ntchito iyenda."

Onse anaseka, ndipo a Sellah anaona kuti mwayi ndi womwewo. Anatulutsa njinga, n'kuipereka kwa mlamu wawo, mng'ono wa a Moffat, kuti awakweze kupita nawo kuchipatala.

Kuchipatala anawayeza, ndipo anawapeza ndi korona. Atabwerako anachita monga a Modester analangizira. A Moffat anasamukira m'kanyumba kosungiramo makasu, ndipo chakudya ankachilandirira pakhomo atavala masiki. A Sellah anachotsa mapulasitiki mbali ziwiri za chigafa kuti mpweya uzidutsa, ndipo fodya ankamufunditsa masaka kuti asaume. Iwo ndi apongozi awo ankakhala motalikirana, aliyense atavala masiki. Tsiku lililonse a Sellah ankatchera khutu kuti amve ngati nkhalambayo yayamba kutsokomola.

Sabata ziwiri zinatha a Zakeyo ali gwa. A Moffat anachira nthawi yabwino yoti adinde mabelo pa jeke, makina opanikizira fodya, ndipo fodya anapita pa tsiku lake. Pambuyo pake anawakweza okha bambo awo pa njinga kukalandira katemera wowonjezera. Panjira anakumana ndi a Nelson akutsokomola.

"Ndi fumbi la fodya ili, achimwene," anatero a Nelson.

"Inenso ndinkatero," anayankha a Moffat. "Tiyeni, njira ndi yomweyi."

Kachilombo ka korona kamasintha, ndipo mitundu iwiri ikakumana mwa munthu mmodzi ikhoza kubala mtundu watsopano umene thupi silikuudziwa bwino. Kudwalapo kale si chitsimikizo chakuti simudzadwalanso. Chifuwa chikabwera ndi kutentha thupi, musanamizire fumbi la fodya. Kayezetseni, talikiranani ndi okalamba ndi odwala matenda ena, ndipo landirani katemera wowonjezera a zaumoyo akakulangizani.