Chumuni cha Awotchi Chasiya Kufuka

Amake mapasa anaimitsa dzanja m'beseni, mbale ili m'thovu, maso ali pa denga la nyumba yoyandikana ndi yawo. Linali tsiku lachitatu chibwerere kuchokera kwa mchemwali wawo, komwe anakatha sabata ziwiri, koma chumuni cha Awotchi chinali chisanafukebe.

Utsi umenewo ankaudziwa bwino. Kwa zaka zisanu ndi zinayi unkawadetsera zovala pachingwe, ndipo ndi umene unawadanitsa ndi mkuluyo, wokonza mawotchi wopuma ntchito yemwe ankakhala yekha chimwalirire mkazi wake. Ngakhale moni analeka kupatsana. Koma kunja kunkazizira mpaka madzi kuundana m'mipope. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu sakanatha masiku atatu opanda moto.

Anapukuta manja, nafunda shawelo, nadutsa pa kampata ka mpanda. Makatani onse anali otseka. Nkhwangwa imene Awotchi ankawazira nkhuni m'mawa uliwonse inali gone pachitsa, itayamba dzimbiri. Anagogoda. Anagogodanso ndi chibakera.

"Odi! Awotchi! Ndine mdani wanu uja, tsegulani!"

Kunali zii.

Anathamangira kwawo nakaimbira foni mng'ono wawo wa Awotchi, woyendetsa lole yemwe onse ankangomutchula Adalaivala. Iye ndi amene ankasunga kiyi wina wa nyumbayo.

"Sindikuti kwachitika kanthu," anatero. "Ndikungoti bwerani ndi kiyi. Masiku atatu utsi osaoneka, ndipo sakuyankha."

Adalaivala anali atatha chaka osaponda mumsewumo, koma tsiku limenelo ola silinakwane. Anafika pa lole, mkazi wawo ali pambali. Kumbuyo kwa loleyo Amake mapasa anaona makatoni opanda kanthu ndi chingwe. Anafuna kufunsa, koma kiyi anali atalowa kale pachitseko.

Awotchi anali chagada pasofa, kukamwa kuli yasa, dzanja limodzi likulendewera pansi. Anali atavala vesiti ndi kabudula basi. Magalasi anali atagwera pachifuwa.

"Mayo, achimwene anga ine!" anakuwa Adalaivala ali pakhomo pomwepo, manja kumutu. Sanasendere, sanawakhudze. Anafwenthera kawiri, kenako anatembenukira mkazi wawo natsitsa mawu. "Katenge makatoni. Yamba ndi mawotchi a m'kabatiwo, asilivawo. Mwana wawo uja akafika sitionapo ngakhale kasingano."

"Adalaivala!" anatero Amake mapasa. "Munthu sitinamutseke n'komwe maso!"

"Mayi, izi n'za pabanja. Inu mwachita mbali yanu, zikomo."

Anakwera pampando nayamba kumasula wotchi yaikulu yapakhoma. Mkazi wawo anali atatsegula kale kabati, akukulunga timawotchi tam'thumba m'nyuzipepala.

Amake mapasa anaima pakati pa chipinda, osadziwa kolowera. Apa m'pamene anazindikira kuti akutuluka thukuta. Shawelo inkawalemera. Anayang'ana pomwe kale panali ng'anjo yakuda ya nkhuni. Inali itatsekedwa ndi njerwa zatsopano, ndipo patsogolo pake panaima mbaula yachitsulo ya miyendo inayi, paipi yake italowa m'chumuni. Inali ndi kachitseko ka galasi, ndipo kuseri kwa galasilo chikuni chimodzi chinkayaka pang'onopang'ono, malawi ake akuvina mwaulesi.

Wakufa wa masiku atatu sasonkhezera moto.

Anayang'ananso pasofa. Magalasi aja pachifuwa ankakwera ndi kutsika. Anatsegula pakamwa kuti anene. Nthawi yomweyo wotchi ija, itapendekeka m'manja mwa Adalaivala, inalira kuti ngo! pamwamba penipeni pa mutu wa mwini wake.

Awotchi anatsegula maso.

Katoni inagwa m'manja mwa mkazi wa Adalaivala, timawotchi n'kumwazika pansi. Mayiyo anakuwa nathawira panja, nsapato imodzi n'kutsala pakhomo. Adalaivala anauma pampando pomwepo, wotchi atayikumbatira ngati khanda.

Mkuluyo anadzuka mosafulumira. Anavala magalasi, napapasa patebulo, natenga kachipangizo kothandiza kumva n'kukaika m'khutu. Anayang'ana mng'ono wawo, anayang'ana kabati yotsegula, makatoni, ndipo pomaliza mnansi wawo.

"Wotchiyo yatani, mng'ono wanga? Ikuchedwa?"

"Achimwene... muli moyo?"

"Ukufunsa kapena ukudandaula?"

Adalaivala anatsika pampando. "Ndi mayiwa! Ndi amene anaimba kuti mwatisiya!"

"Bodza!" anakuwa Amake mapasa. "Ine ndinati bwerani ndi kiyi. Za makatoni sindinatchule. Awotchi, ndikhululukireni. Ndinaona masiku atatu chumuni chili zii, nkhwangwa ili panja, ndagogoda osayankha. Ndinkati mwauma ndi chisanu."

Awotchi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi inu mulibe chabwino. Zaka zonsezi mwandinyoza chifukwa cha utsi. Lero utsi watha, mwandipha!" Analoza mbaula ija. "Mwana wanga anabwera ndi amisiri inu kulibe. Adokotala anati chifuwa changachi ndi utsi wa ng'anjo ija. Iyi imawotcha ndi utsi womwe, kunja kumangotuluka mpweya. Zikuni zitatu zouma, ndatseka kachitseko, ndachepetsa mphepo apa, basi tsiku latha. Nkhwangwa ndiifuniranji? Chimwalirire amayi a m'nyumba muno, sabata ino ndi imene ndagona tulo osamva maondo."

Kuseka kuja kunatha msanga. Anawerama natola kawotchi kamodzi pansi. Galasi lake linali litasweka. Anakaika kukhutu, nakagwedeza, nakaikanso kukhutu.

"Aka kanali ka bambo athu," anatero osayang'ana munthu. "Ukanandipempha, ndikanakupatsa."

"Achimwene, musaganize molakwa. Timafuna kukusungirani. Mukudziwa nokha akuba a masiku ano, akangomva kuti pakhomo pagwa zovuta..."

"Unandikhudza?"

"Achimwene?"

"Ndikuti utalowa, unandigwira dzanja kuti uone ngati lazizira?"

Adalaivala anayang'ana pansi. Amake mapasa analakalaka nthaka itang'ambika. Iwo ndi amene anaitana zonsezi, ndi pakamwa pawo pomwe.

"Chibale ndi fupa, achimwene, sichiola," anatero Adalaivala motsitsa.

"Ndi fupadi. N'chifukwa chake agalu amalimbirana." Awotchi anatambasula dzanja. "Bweza wotchi pamsomali pake. Ukatero undipatse kiyi."

Adalaivala anakweranso pampando. Anaphonya msomali kawiri. Atatsika anaika kiyi m'dzanja la mkulu wawo, natola makatoni ndi nsapato ya mkazi wawo, natuluka. Lole inavuta kulira, ndipo onse awiri m'nyumbamo anamvetsera mpaka italira n'kuchoka.

Amake mapasa anagwada nayamba kutola timawotchi tija, kamodzikamodzi, akutiika patebulo.

"Ndakudanitsani ndi m'bale wanu," anatero. "Kukanakhala bwino ndikanangokhala kwanga."

"Mukanakhala kwanu, ndikanafa ndisakumudziwa." Awotchi anatsegula kachitseko ka mbaula, naponyamo chikuni, natsekanso. Anakhala pasofa, mapewa atagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba Amake mapasa anaona kuti mdani wawoyo ndi nkhalamba yeniyeni. "Ndinamulera ndine ameneyu. Ndinkamubereka kumsana popita kusukulu."

Mawotchi okha ndi amene ankamveka m'chipindamo.

Amake mapasa atadzuka kuti azipita, mkuluyo anawaitana.

"Mayi, tengani." Anali kiyi uja. "Ndikapanda kuyankha, muzilowa. Koma muziyamba mwandigwira dzanja musanaimbire anthu."

Anaulandira ndi manja awiri naumangirira pa ngodya ya shawelo. Ali pakhomo anamva Awotchi akuimbira foni mwana wawo, akukuwa monga amachitira anthu osamva bwino.

"Ayi, mbaula ili bwinobwino. Koma ubwere Loweruka, ubwere ndi munthu wodziwa kulemba za chuma cha masiye. Ndikufuna ndinene ndekha, maso ali penye."