Mtsamiro Wobooka Pakati

Foni ya malemu inalira ili pamwamba pa makina ake osokera. Mng'ono wake, amene ankapinda zovala zotsala, anaiyang'ana kaye, kenako nkuyankha.

"Ndine namwino wa kafukufuku uja, wa amayi amene anawotchedwa ndi makina chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero. Timafuna timve mmene eni foniyi akupezera."

"Tinawaika m'manda sabata yatha."

Namwino anapuma mozama. "Pepani kwambiri. Chotupa chija chinali chitaphwatu."

"Chinaphwa, inde. Nkukatulukira m'mapapo."

"Anafika mochedwa, mayi. Ambiri akumatipeza choncho. Inuyo mukapeza mpata mudzayezetse."

Mng'onoyo anadula foni. Mwamuna wa malemu, dalaivala wa thiraki, anali pakhomo la chipinda, chikwama chili kale paphewa.

"Akufuna chiyani? Wina woti amuwotche?"

"Amangofunsa, alamu."

"Anamupsereza mkazi wanga mpaka kulephera kukhala pampando. Lero akufunsa." Anakonza lamba wa chikwama. "Abwana andiitana. Ana atsala ndi inu, mlamu."

"Mpaka liti?"

"Msewu ndiye udziwa."

"Achemwali akubuula munali kumsewu. Lero ana akulira, mukupitanso kumsewu."

"Ndiye ndikhale pano tizidya misozi?"

Anatuluka osatembenuka. Mng'onoyo anagwira m'chiuno. Panali patapita miyezi akutaya magazi pa nthawi yosayenera, msana ukuwawa ngati mmene zinayambira kwa mkulu wake. Sanauze munthu. Akagonekedwa, ana atatuwo awaphikira ndani? Ndipo makina owotchera aja anali atawaona kale mathero ake.

Masana kunabwera mayi wina woonda, woyenda motang'aza pang'onopang'ono. Anamupatsa mpando koma anakana.

"Sindingakhale, ndapsa. Anzanga a pamzere wa makina owotchera kuchipatala andilozera kuno. Akuti pali atelala amene amasokera odwala mitsamiro."

"Atelalawo anatisiya."

Mayiyo anagwira pakamwa. Anapepesa, nkuyamba kubwerera.

"Tadikirani."

Mng'onoyo anafufuza m'dengu la zigamba pansi pa makina. Anapezamo mtsamiro wozungulira, wobooka pakati kuti bala lisakhudze pansi. Mbali imodzi ulusi unali wowongoka bwino, mmene malemu ankasokera kale. Mbali inayo unali wokhotakhota, wosokedwa pamanja ndi munthu amene miyendo yake inali italeka kupalasa makina. Singano inali idakali pomwepo, patatsala kampata kokwana zala ziwiri.

Anatseka kampatako, nadula ulusi ndi mano.

Mayi uja anauyala pa sitepe ya pakhomo. Anatsika mosamala, atagwira khoma, mano ataluma mlomo. Atakhala, anatseka maso, mapewa ake nkugwa.

"Ndikhaleko pang'ono?"

"Khalani, amayi," anatero mng'onoyo. "Anasokera inu."