Tsiku Limene Mabelu Analira Pamodzi

Nkhaniyi anandiuza ndi wokonza njinga wa pamphambano ina pafupi ndi njanji, tsiku limene tayala la njinga yanga linaphulika ndili pa maulendo anga osathawa. Akumata chubu, anandilozera malata a shedi yake, onse zibooboo. "Miyala ya ana asukulu imeneyo, madala," anatero.

Njanjiyo inagawa anthu pawiri, a kumtunda ndi a kumunsi. Sakwatirana, sayenderana pamaliro, ndipo chimene anayambanirana makolo awo palibe amachikumbukira bwino. Mbali iliyonse ili ndi sukulu yake ya pulayimale, koma ana onse poweruka amadutsa pamphambano pomwepo. Choncho kwa zaka zambiri belu la kumtunda linkalira wani koloko, la kumunsi n'kudikira theka la ola, kuti anawo asakumane.

Kenako kumtunda kunabwera ahedi atsopano, mayi wamfupi woyenda mofulumira. Lachisanu lina anafika pashedipo atasenza thumba la makope.

"Achimwene, ili mupereke kwa ahedi a kumunsi. Iwonso akusiyirani lawo."

Mayiyo anali atagwirizana ndi ahedi a kumunsiwo, bambo wachikulire, kuti ana a Sitandade 5 mpaka 8, amene mkono wawo umafikitsa mwala patali, azichongerana makope. Mwana aliyense anali ndi mnzake wa kutsidya wosamudziwa nkhope. Ankakonza zolakwa, pansi n'kulembapo mawu ake. Wokonza njingayo akuti ankasuzumiramo, sakana.

"Zilembo zako ngati papalasa nkhuku," analemba wina wa kumtunda.

Sabata yotsatira yankho linabwera: "Nkhukuyo yakhoza masamu onse. Iwe wakhoza angati?"

Atatha materemu awiri, mayiyo anauza komiti ya makolo kuti mabelu onse azilira wani koloko. Atcheya a komitiyo anaimirira, chala chili pachipsera cha pamphumi pawo.

"Mayi, ichi mukuchiona? Ndinachilandira ndili Sitandade 4."

"Ndikuchiona, bambo. Nanga mdzukulu wanu adzizembera anzake mpaka adzamere imvi ngati inu?"

"Mwana mmodzi yekha akatuluka magazi, mulongedze."

"Ndamva. Katundu wanga ndi wochepa."

Ahedi a kumunsi nawo anadandaula. "Mlongo wanga, ine kwatsala chaka chimodzi kuti ndipume pantchito. Mukufuna ndikapume ndi bandeji kumutu?" Koma anavomera.

Tsikulo mathumba sanabwere pashedi. Mwana aliyense anapatsidwa m'manja kope la mnzake wa kutsidya, kuti akampatse yekha mwini wake. Wani koloko itakwana, mabelu onse awiri analira. Wokonza njinga analowetsa mkati mapampu ndi magalasi a njinga za anthu. Atcheya anabwera kudzaima kuseri kwa shedi.

Magulu awiriwo anatsika, n'kuima moyang'anizana, njanji pakati. Pansi pa mapazi awo panali miyala ya njanji ija, yokwana bwino m'dzanja. Ahedi a kumtunda anaima pachitsulo cha njanji, manja kumbuyo.

Ndiye kamtsikana kena ka kumtunda kanakweza kope m'mwamba.

"Mwini wa zilembo za nkhuku ndani?"

Kumunsi kunatuluka chimnyamata chachitali, ndevu zitayamba kale kumera, chikukanda kumutu.

"Ha! Thupi lonseli, zilembo zimenezi?"

"Ndiwe iweyo? Ndimayesa ndimakangana ndi munthu wamkulu!"

Chiseko chinaphulika mbali zonse. Ana anayamba kuwoloka, kufuula mayina a pamakope, phokoso ngati pamsika. Atcheya anapeza mdzukulu wawo atakhala pansi ndi mwana wa kumunsi, akukangana kuti mnzakeyo wamulakwitsa dala samu yokhoza. Kenako atcheyawo anapita kwa ahedi a kumtunda aja, chipewa m'manja.

"Mayi, katundu uja musiyeni m'nyumba."

"Sindinamange n'komwe, bambo," anatero mayiyo, maso ali pa ana.

Wokonza njingayo pofika apa anali atasiya chubu changa, chifuwa chili patsogolo, akuti makope onsewo anadutsa m'manja mwake.

Zoti mabelu amalira pamodzi ndi zoona, ndinawamva ndekha ndisanachoke. Koma zoti ana mazana atatu anaima pamiyala popanda n'mmodzi yemwe woponya, zimenezo ine sindikhulupirira. Ndikuganiza kuti mwala umodzi unauluka ndithu, ndipo amene unamugunda anasankha kukhala chete.