Muvi wa Nambala Folo

Ndinalota ndili m'kati mwa gemu ya mpira ya pafoni yanga, imene ndimakhalira kujambulamo mivi yosonyeza osewera kothamangira. Koma sindinali kochi. Ndinali wotchinga kumbuyo wanga wovala nambala folo, amene ndinamujambulira muvi woti azikwera kukathandiza kutsogolo n'kubwereranso, osaima.

Muviwo unali pansi, wopakidwa laimu, ukuwotcha kumapazi. Ndinakwera, ndinabwerera, ndinakweranso. Udzu unkanunkha pulasitiki yopsa. Mpira osandipeza ngakhale kamodzi. Kumwamba kunali chala chachikulu, chikhadabo chake cholumidwalumidwa ngati changa, chikundikankha kumsana.

"Akochi, ndipumeko!" ndinakuwa. Koma chala chilibe makutu.

Ndinadzuka thupi lonse likuphwanya. Akazi anga anati, "Bambo a Tadala, mwandimenya mateche mpaka kwacha. Mumathawa ndani?"

Kaya maloto otere amatanthauza chiyani, kaya n'kutopa chabe.

Loweruka ndikusewera ndi alamu anga, ndipo popanda muvi umenewu andichinya zigoli zochititsa manyazi. Komabe m'mawa uno ndatsegula gemu ija n'kuufufuta. Andichinye. Nambala folo aime pamalo pake, apumeko.