Tsiku Limene a Kampasi Anagula GPS

Dzina loti Kampasi, kachipangizo kaja kolozera njira, sanadzipatse okha. Anawapatsa ndi anzawo a njinga zamoto, aja amanyamuka gulu kukayenda maulendo a sabata yathunthu, zikwama zitamangidwa m'mbali. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, wokhala patsogolo pa gululo anali iwowa. Njira akaidutsa kamodzi, basi yalowa m'mutu, ndi milatho yake yomwe, ndi pomwetsera mafuta, ndi pokhota pamene pamakonda mchenga. Kunena zoona, ankanyada nazo mopitirira muyezo. Mnzawo akaima pambali kuti ayang'ane mapu pafoni, iwo ankatsegula galasi la chisoti n'kukuwa kuti, "Nanga mutuwo unaubweretseranji? Ndi wongokolekapo chisoti?" Anthu n'kufa nalo phwete.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri lina masana, akuchokera kogula mababu, anafika pamphambano imene ankadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo sanadziwe kolowera. Si kuti anangosokoneza pang'ono ayi. M'mutu munangoti mbee, ngati bolodi lofufutidwa. Sitolo ya matayala anaiona, chikwangwani cha sukulu anachiona, koma zinthuzo sizinawauze kanthu. Magalimoto kumbuyo anayamba kuliza mahutala. Anakankhira njinga pambali nakhala pamenepo thukuta lili kamukamu, mpaka njira inabwerera yokha m'mutu. Kunyumba ananama kuti tcheni chinamasuka.

Mwezi womwewo zinachitikanso kawiri. Tsono ulendo waukulu wa gulu unali utatsala masabata awiri okha, ndipo anthu asanu ndi atatu ankayembekezera kutsatira nyali yofiira ya a Kampasi. Mantha anawagwira, mantha enieni. Akazi awo akadziwa, makiyi a njinga apita. Anzawo akadziwa, dzina lapita. Ntchito anapuma, ana anakula n'kuchoka, chimene chinatsala n'chiyani kupatula njingayo?

Akazi awowo sanali munthu womubisira zinthu mosavuta. Kale ankakwera kumbuyo pa maulendo onse, mpaka chiuno chinayamba kuvuta zaka zisanu zapitazo, ndipo chisoti chawo chinakakhala pamwamba pa wadirobu. Koma m'mawa uliwonse ankasesabe pakhonde pamene njinga imagona, ndipo maso awo sankaphonya kanthu.

"Lero ndiye kuti, bambo?" anafunsa m'mawa wa Loweruka, tsache lili m'manja.

"Kukagula oyilo. Sindichedwa."

"Oyilo uja munagula juziyu watha kale?"

"Ameneuja ndi wopyapyala."

Mayiwo anangowayang'ana, n'kupitiriza kusesa.

Sitolo ya zida za njinga zamoto anaisankha ya kutali, kumene sakanakumana ndi wowadziwa. Munkanunkha labala ndi girisi. Wogulitsa anali mtsikana wovala ovololo, zala zakuda ndi ntchito, wooneka kuti njinga amaidziwa mpaka mkati.

"Ndikufuna GPS ya panjinga," anatero a Kampasi, mawu ali pansipansi ngati akugula mankhwala a matenda ochititsa manyazi. "Si yanga. Ndi ya mlamu wanga. Amasochera ameneyo, ngakhale popita kubafa."

"Chabwino, bambo. Alamu anuwo amayenda maulendo ataliatali?"

"Kwambiri."

"Ndiye za foni tisakambe n'komwe. Imatentha padzuwa, kunjenjemera kwa injini kumaiwononga, ndipo netiweki ikatha mwatha nanu."

Anatulutsa tizipangizo titatu n'kutiika pakauntala. Koyamba kanali kakang'ono ngati sopo. Anawauza kuti avale magolovesi awo n'kuyesa kudina. Chala chimodzi chinadina mabatani atatu nthawi imodzi.

"Mwaona? Aka n'ka m'galimoto kongovekedwa jekete. Mvula ikagwa kawiri, kafa. Tiyeni panja ndi kachiwirika."

Anatuluka nako padzuwa. Sikirini yake inali yotakata ngati chikhatho, zilembo zikuluzikulu, ndipo inkaoneka bwino ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mtsikanayo anakathira madzi a m'botolo, kosazima. Anafotokoza kuti mapu ali mkati momwemo, safuna netiweki, kamangomvera masetilaiti. Mawu ake amalowa m'timasipika ta m'chisoti, tomwe tija amalankhulirana pagulu.

"Nanga alamu anuwo maso ali bwanji? Akuwerenga apa?"

A Kampasi anatambasula mkono n'kutsinzinira. "Akuwerenga."

Mtsikanayo sanaseke. Anabwerera mkati n'kunyamula kachitatu.

"Aka n'chimodzimodzi, koma kali ndi china chowonjezera. Kamatumiza ku foni ya kunyumba pamene muli. Mukaima nthawi yaitali pamalo achilendo, kapena njinga ikagwa, akunyumba amadziwa nthawi yomweyo. Bambo anga ndinawaikira komweka."

Apa a Kampasi anapsa mtima, ndipo anapsa mtima kwambiri chifukwa mtsikanayo anakhudza pachilonda.

"Mwanangu, ukundiona ngati mbuzi yomangirira pachingwe? Ndayenda misewu iwe usanabadwe!"

"Ndimanena za alamu anu, bambo."

A Kampasi analoza kachiwiri kaja ndi chibwano. Atafunsidwa kuti akakulungire m'bokosi kapena akamangirire panjinga imene ili panjapo, anayang'ana kudenga n'kunena kuti ndi bwino akayese okha kaye asanakapereke.

Ntchito inatenga ola. Mtsikanayo anamanga chogwirira pamahandulo ndi timalabala tochepetsa kunjenjemera, anachotsa mpando, nadutsitsa waya pansi pa thanki. Anaika fyuzi, n'kulumikiza moti kaziyaka pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, kuti kasamamalize batire njinga ili chigonere. Kenako anapukuta manja.

"Chatsala chimodzi. Tilembemo kunyumba, kuti kulikonse muli muzingodina kanyumba aka, iko kazikutengerani pakhomo. Msewu wanu dzina lake?"

A Kampasi anatsegula pakamwa. Dzina la msewu umene akhalamo zaka khumi ndi chimodzi silinabwere. Analisakasaka m'mutu monse ngati munthu wofufuza kiyi m'matumba, koma ayi ndithu.

"Nyumba yanga sindiilemba m'makina," anatero mokalipa. "Akuba akaba njinga, ndiye ndawapatsanso njira?"

"Palibe vuto. Mukafika pageti panu, dinani kanyumbako osachotsa chala mpaka kalire. Kasunga malowo kokha."

Pobwerera zinthu zinayenda bwino modabwitsa. Sanayang'ane n'komwe pasikirini. Manja ankakhota okha, thupi linkadziwa bampu lililonse. Anadutsa pamlatho wa njanji, anasiya tala n'kulowa kamsewu ka dothi lofiira, ndipo mtima unakhala m'malo. Anadziseka okha m'chisoti. Kutopa chabe kumeneku, anadziuza, munthu n'kumadziopseza ndi zopanda pake. Anaima pageti lobiriwira, nthambi za mtengo wa mapeyala zikulendewera pampanda. Anadina kanyumba kaja mpaka kanalira, n'kuliza hutala kawiri monga mwa masiku onse.

Geti linatsegulidwa ndi mayi wina wachilendo, beseni la zovala zonyowa lili m'chiuno.

"Bambo," anatero mofatsa, "pano si panu."

A Kampasi anayang'ana mayiyo, anayang'ana khonde. Makatani sanali awo. Galu amene ankauwa sanali wawo. Ndipo zinawatsikira zonse pamodzi: iyi inali nyumba yakale, imene analeleramo ana, imene anasamukamo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Mtengowo anaubzala okha mwana wawo woyamba ali wakhanda.

"Ndikudziwa, mayi," ananama. "Ndimangoti ndione mtengo wangawu. Wakula bwino."

Anatembenuza njinga mayiyo akunenabe zina zimene sanafune kumva.

Atafika patala anaima. Kumanja kapena kumanzere? M'mutu munali mbee uja. Anapita kumanja, napeza malo ochapirapo magalimoto amene sanawaonepo chibadwire. Anabwerera, analowa msewu wina, unakathera pampanda wa fakitale. Pamenepo anakumbukira kuti ali ndi kachipangizo, ndipo munthu amene kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ankaseka anzake anadina kanyumba kaja ngati womira amene wagwira udzu.

Mawu a mkazi, odekha bwino, analankhula m'chisoti. Khotani kumanzere. Pitirirani. Khotaninso kumanzere. A Kampasi anamvera ngati mwana wasukulu, misozi yachiyamiko ikulengeza. Tala anatha, linayamba dothi lofiira.

"Mwafika," anatero mawuwo.

Geti lobiriwira. Mtengo wa mapeyala.

Makinawo sanalakwe. Anawauza okha kuti kwawo ndi kuno, ndipo iwo anangosunga zimene anauzidwa. A Kampasi anazimitsa injini n'kukhala pomwepo, mapazi pansi, osatha ngakhale kuvula chisoti. Sanayambe achitapo manyazi otere.

Mayi wa pakhomopo anatuluka ndi mpando ndi kapu yamadzi.

"Tsikani mukhale pamthunzi apa, bambo. Amayi ndawaimbira kale, akubwera."

"Amayi ati?"

"Akazi anu. Anandisiyira nambala."

"Mwawadziwira kuti akazi anga?"

Mayiyo anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya epuloni.

"Lachinayi lapitali munabweranso. Munaimba hutala, ndinatsegula, munandifunsa kuti ana abwera kusukulu. Mawa lake amayiwo anafika okha. Akuti anaona dothi lofiira pamatayala posesa, ndipo m'tauni muno dothi lotero amalidziwa pamsewu uno pokha. Anandipempha kuti mukadzabweranso ndisadzakuthamangitseni."

Za Lachinayi limenelo a Kampasi sanakumbukire kalikonse. Ankawerenga maulendo atatu osochera, osadziwa kuti panali wachinayi umene unafufutika wonse. Nanga ena angati? Anagwira kapu ndi manja awiri, madzi akutayikira pathalauza.

Patapita kanthawi takisi inaima. Akazi awo anatsika pang'onopang'ono, dzanja lina pachiuno chovutacho, lina litanyamula chisoti chija cha pamwamba pa wadirobu, fumbi lisanachoke bwinobwino. Anathokoza mayi wa pakhomopo. Kenako anayang'ana kachipangizo kamene kanali pamahandulo.

"Ndiye oyilo wake ameneyu?"

A Kampasi anafuna kuseka koma pakamwa panakana.

"Mumadziwa, mayi."

"Ndakhala nanu zaka makumi anayi. Tcheni chanu chinayamba chamasukapo liti?"

"Bwanji osanena?"

"Ndimadikira kuti munene ndinu. Ndinalakwa kudikira." "Tsiku lililonse mukatuluka ndimakhala pawindo ngati wamisala. Ndatopa nawo mantha amenewa, bambo."

A Kampasi anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi. Anawatambasulira kwa akazi awo, nkhope itayang'ana kumbali. Mayiwo sanawalandire. Anavala chisoti n'kumanga lamba pachibwano.

"Lero mutifikitse kaye kunyumba. Kuyendetsa simunaiwale. Ndikamenya phewa ili mukhote uku, ndikamenya ili mukhote uko. Kachinthu kanuko katsekeni pakamwa. Lolemba tipita kwa dokotala, zina tikamva komweko."

"Nanga anzanga? Ulendo uja?"

"Muwaimbire nokha. Mawu amenewo sindikunenerani."

Kukwera kunawavuta akazi awo. Mayi wa pakhomopo anachita kuwagwira mkono, ndipo anabuula mwendo ukudutsa pampando. Koma atakhazikika anagwira m'chiuno mwa amuna awo malo omwe aja akale.

Anayenda pang'onopang'ono. Phewa lamanzere, anakhota. Lamanja, anakhota. Ataima pamaloboti a Kampasi anatembenuza mutu.

"Kusitoloko kunali kena. Kamauza akunyumba pamene munthu ali. Ndinakakana."

"N'zoona munakakana. Mukanakalola ndikanadabwa."

"Tikakasinthe."

Mayiwo anangowafinya m'chiuno.

Analowa msewu wa nyumba zofanana, wa mitengo yaifupi m'mbali. Manja awiri anamenya mapewa onse nthawi imodzi, ndipo a Kampasi anaima.

"Tafika," anatero akazi awo.

A Kampasi anagwira dzanja la mayiwo, natenga chala chawo n'kuchiika pa kanyumba ka pasikirini.

"Dinani ndinu. Ine ndingalakwitsenso."

Kachipangizo kanalira. A Kampasi anakweza maso. Geti linali lakuda, la nambala yoyera, ndipo pakhonde panali tsache lotsamira khoma. Analiyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuti liwauze kanthu. Silinawauze.

"Ndi pano, eti?"

"Ndi pano, bambo."

Anawakhulupirira, nazimitsa injini.